Mabotolo a ankolo Symon

Lolemba, 14 Okotobala 2019

Agogo Lazaro asoweranso. Tawapeza kudimba la eni ake, akuti akufuna ng'ombe zawo. Ng'ombe zomwe anagulitsa ine ndisanabadwe! Ndati tipite nawo kuchipatala paboma. Anti Dorika akuti ayi, ankolo Symon atumiza mankhwala kuchokera ku Joni. Mabotolo awiri, vitamini B. Ati azungu akamwa amenewa saiwala. Ankolowo anawaona liti agogo? Amangodziwa kutumiza mavoisi.

Lachitatu, 16

Kutentha ngati kung'anjo. Agogo andiitana Rute katatu. Rute ndi malemu mayi anga. Ndangoyankha kuti wawa.

Lachinayi, 17

Ndakwiya. Mkodzo wa agogo wasanduka chikasu chowala, ndiye anti akuyenda nacho chitini mudzi wonse kuonetsa anthu. "Mwaona? Matenda akutuluka!" Ndawauza kuti mavitamini amatero, ngakhale ine nditamwa zikhala chimodzimodzi. Akuti, "Iwe Flossy, Fomu 4 yakoyo ndi udokotala?" Pano akuwamwetsa mapilisi atatu m'malo mwa limodzi. Kuti atuluke msanga, ati!

Loweruka, 19

Anti awatsekera agogo m'nyumba kuti mankhwala agwire bwino. Kunja kotentha chonchi! Agogo amagogoda chitseko, akulankhula Chisena chokhachokha, Chichewa chathawa. Ndawaimbira a Nicholas azaumoyo. Akuti nzoona, munthu akasowa B12 m'thupi amatha kuiwala, koma mpaka amuyeze kaye. Ngati vuto ndi lina, mapilisi sangabweze nzeru. Akuti mubwere nawo, musachedwe.

Ankolo atumiza voisi ina: mwanayo asasokoneze. Mwanayo ndi amene amawasambitsa!

Lolemba, 21

Ndawaba agogo. Anti atapita kumjigo ndatsegula chitseko, ndawakweza pa kabaza. Agogo njira yonse kumwetulira, kupatsa moni aliyense.

Tili pamzere kuchipatala, ndangoona anti akubwera, thukuta kamukamu, chitenje chili pambali. Ndinakonzeka, mawu onse ali pakamwa. Lero tithana pamaso pa anthu.

Iwo angoima n'kumawayang'ana agogo. Kenako akuti, "Dzulo anandifunsa kuti ndine mkazi wa ndani pamudzi pano. Bambo anga ondibereka." Atembenukira kwa ine. "Ukuganiza kuti sindikuona? Ndimaopa adokotala akatiuza kuti basi, sizidzatheka."

Anti aloza pabenchi pomwe ndakhala.

"Sendera uko, ndikhale. Akaitana dzina ndilowa nawo ndine."