Chitunda cha Alongo Anu

Lamlungu, 9 Juni

Okondedwa alamu,

Kalata yanu inandipeza. Mwafunsanso ngati ndatsegula chipinda n'kugawa katundu wa alongo anu. Ndiyankha, koma mundilole ndiyambire patali pang'ono.

Tsiku lomaliza limene tinakhala bwinobwino, asanayambe kudandaula za pachifuwa paja, linali Lolemba, tonse sitinapite kuntchito. Iwo ankachapa pakhonde, ine ndikunola mipeni ya makina otchetchera udzu. Tinakangana za gofu monga mwa masiku onse.

"A Ometa," anatero, poti ndilo dzina limene anandipatsa chifukwa cha ntchito yanga, "bwalo lanu lija ndi mbale. Munthu akaima poyambira amaona zonse, dziwe, mchenga, mbendera, mpaka galimoto yake. Ndiye ayenderenji?"

Ine ndinati, "Lanu linajambulidwa ndi ng'ombe zothawa dibi."

"Ng'ombezo zinali ndi nzeru kuposa azungu anu a tepi yoyezera aja. Ndipatseni sopo."

Ndinawapatsa sopoyo. Tsikulo linatha choncho basi.

Inu gofu mumati ndi masewera a anthu ofunafuna zimene ataya okha, choncho ndifotokoze. Mabwalo otchuka kuno ndi awiri, ndipo alendo ochokera kutali amakangana kuti labwino ndi liti. La Kumadzi, kumene ndimatchetcha ine, linamangidwa ndi makina. Ndi lathyathyathya, maiwe ake ali poyera, maenje a mchenga ndi oyera ngati shuga. Silinamiza munthu. Mpira ukagwera m'madzi umadziwa kuti wadziponyera wekha. La Kuzitunda, kumene alongo anu ankanyamulira osewera zikwama za ndodo zomenyera mpira, ndi lakalekale. Analisiya mmene nthaka inalili. Mpira umagwa pabwino n'kugubuduka wokha kupita kutchire, ngati waitanidwa.

Choipitsitsa ndi dzenje lina lolowetsamo mpira limene lili kuseri kwa chitunda. Womenya saona mbendera yosonyeza dzenjelo. Kuseriko anaikako belu loti amene atsiriza aziliza, kuti anzawo asawaswe mitu. Alongo anu ankathamanga kukaima pamwamba pa chitundacho ndi ambulera yawo yofiira, n'kukuwa kuti, "Menyerani kuno." Zaka zonse za ukwati wathu ndinkanena kuti chitundacho achigumule. Ndinalumbiranso kuti phazi langa silidzaponda bwalo limenelo, ndipo ndinasunga mawu anga kuposa mmene anthu ambiri amasungira a kutchalitchi.

Mwezi watha kunabwera a Ndevu, mkulu wa onyamula zikwama kumeneko. Munawaona pamaliro, aja anayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri mpaka kwaya inalephera kuifikira. Asanakhale n'komwe anati, "Mwapambana, a Ometa. Katapila akubwera kudzasalaza chitunda chija."

Akuti chichokereni alongo anu, wina aliyense amaima pake pake pachitundapo, mipira ikungothera m'tchire. Tsiku lina wina anamenya belu lisanalire, wapampando wa komiti ya bwalolo ali chiweramire kuseriko, mpira n'kuwapeza pamalo pamene sindingalembe m'kalata. Anakhala sabata akudya ataimirira. Pamsonkhano wotsatira, umene anautsogoleranso ataimirira, anagamula kuti chitunda chichoke.

Ndinayenera kukondwa. Ndinawathirira tiyi a Ndevu, wanga anazirala m'kapu.

Lolemba lotsatira, tsiku limene antchito amaloledwa kusewera, ndinatsegula chipinda chija. Sindinakhudze kanthu kupatula ndodo zakale zimene mayi wina anawapatsa, ndi ambulera. Ndinauza a Ndevu kuti ndikungofuna kuona ndi maso anga kuipa kwa bwalolo lisanakonzedwe.

Tinayenda pang'onopang'ono kwambiri, ndipo wolakwa ndinali ine. Paliponse pamene ndodo ya munthu inang'amba udzu ndinkagwada n'kukonza. Dzenje lililonse la mchenga ndinkalisalaza, ngakhale limene sindinagweremo. A Ndevu anati, "Bambo, mwabwera kudzasewera kapena kudzafunsira ntchito? Kunotu aganyu tili nawo."

Titafika pachitunda ndinamenya molunjika, monga angachitire munthu aliyense wa mutu wabwino. Mpira unapita kutchire. Wachiwiri unatsatira mnzake. A Ndevu anapukusa mutu, anatenga ambulera ija, anakwera, n'kukaima chakumanzere kwambiri, kumene palibe angaganize kuti kuli dzenje.

"Kumenekotu kuli mitengo," ndinawauza.

"Mayi ankaima pano. Menyani, musandiphe chabe."

Ndinamenya. Mpira unadutsa pamwamba pa ambulera n'kusowa. Kenaka ndinayamba kukwera. Alamu, ndine munthu wamkulu, koma ndinkakwera ngati mwana amene akupita kukamva zotsatira za mayeso. Nditafika pamwamba ndinaona kuti kutsetsereka kwa nthaka kwautenga mpira uja kuchokera kumanzere n'kukausiya pafupi ndi mbendera. A Ndevu analiza belu ngakhale kumbuyo kwathu kunalibe munthu.

Musamve ngati ndavomera. Udzu wawo ndi wosasamalika, ngalande zawo n'zamanyazi, ndipo mchenga wawo uli ndi timiyala. Ndikungonena kuti kubwalo kwathu sindinaonepo munthu akuthamangira mpira wake, pamene ine ndinatsika chitundacho mothamanga, ndi mawondo angawa.

Pamwamba paja, pamene alongo anu ankaima, pali kamalo kamene udzu unatha, kokwana mapazi awiri. Dzanja langa linapita lokha m'thumba, mmene ndimasunga mbewu ya udzu. A Ndevu anayang'ana kumbali. Pabwalo lonselo ndi malo okhawo amene sindinakonze.

Tsopano za katundu. Zovala ndapereka kwa ang'ono awo, agawane okha, ine ndisamve. Nsapato zakuntchito watenga mwana wathu, ngakhale n'zazikulu kwa iye. Ndodo imene munapempha yophera njoka ndikutumizirani mwezi uno, koma dziwani kuti imakhotera kumanja, ndiye muzilunjika pambali pang'ono pa njokayo. Zotsalazo ndasunga, poti a Ndevu akuti Lolemba ndizipita kukawasonyeza zina zolakwika.

Ambulera ndinapita nayo kwa owotcherera zitsulo. Anaimangirira pa chitsulo chachitali, ndipo tinakaizika pakamalo kaja ili yotambasula. Wapampando anabwera kudzaona. Anamenya mpira umodzi, anakwera, anakhala kuseriko kanthawi, kenaka tinamva belu. Pobwera anati katapila ayambe wadikira mpaka mvula ya chaka chamawa idzathe. Anandifunsa ngati si ine munthu wa ku bwalo la Kumadzi amene amanyoza chitundachi. Ndinati ndine, ndipo sindinasinthe.

Mundiperekere moni kwa akazi anu ndi ana onse. Mukamapemphera muzitchulako za mphepo, chifukwa nsalu ya ambulerayo ndi yakale. Ine ndili bwino, ndikudya, ndipo ntchito ndikupita. Kunyumba kuno tsopano chilichonse chimene ndanena chimakhala cholondola, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sindinkadziwa kuti n'zotopetsa chonchi.

Ndine mlamu wanu,
Wometa udzu