Matenda Amene Sititchula Kwathu

Lolemba, 6 Okutobala

Nyengo yopatsa yafikanso. Chaka chilichonse ife a Kinnaird timasankha wasayansi wachinyamata mmodzi n'kumupatsa ndalama zofufuzira matenda kwa zaka zitatu, m'dzina la malemu amayi. Ndalama za ubweya wa nkhosa. Ovota atatu: achimwene Dougal, mng'ono wawo Hamish, ndi ine. Makalata ofunsira makumi anayi, wowerenga ine ndekha. Achimwene amangoona zithunzi. Hamish amavomereza amene walankhula komaliza.

Atsala awiri. Dokotala Marchetti wa za tulo, mano mbee, mawu ngati wa pawailesi. Ndi Dokotala Fonua wa ntchentche. Amaziweta m'mabotolo kuti amvetse matenda a Huntington, omwe anapha amayi aja. Pakhomo pano sitiwatchula. Pamaliro tinati ndi mtima. Thumba la dzina lawo lathandiza za khungu, za mawondo, mpaka za mkonono. Za matenda awo enieni, ngakhale khobidi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ku Melbourne. Kunyumba ndinanama kuti ndi za mano. Zotsatira za magazi zatuluka: ndinatengera matenda a amayi. Zizindikiro mwina pakatha zaka zisanu, mwina khumi. Dokotala kundisendezera timapepala topukutira misozi, ine kumufunsa kumene anagula makatani. Ndinadzalirira pa Ballarat pobwerera, m'galimoto, payi ya nyama ili m'kamwa. Ndikuopa. Apa pokha ndinene.

Loweruka, 11 Okutobala

Awiri aja anabwera kufamu. Mwambo wathu: mphindi zitatu aliyense, chiimirire m'shedi yometera nkhosa, pansi pa chithunzi cha amayi. Munthu waphunzira zaka khumi ndi ziwiri n'kudzavinira alimi atatu!

Marchetti anayamikira nkhosa, anayamikira galu, anayamikiranso masikono ogula kusitolo. Fonua thukuta lokhalokha. Akuti, "Sindikulonjeza mankhwala. Mwina adzapindule ndi ana a odwala a lero." Achimwene: "Ndiye bambo, ntchentche zonse zili pafamu panozi, mukufuna tikugulireni zina?" Anaseka okha. Hamish anaseka mochedwa.

Fonua ndinamuperekeza kugalimoto. Tikapanda kumupatsa, Disembala ntchito yatha. Ntchentche zophedwa, iye kukaphunzitsa kusekondale. Ndinangoti yendani bwino.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Fomu ya ovota. Ndime yachinayi: amene nkhaniyo ikumukhudza mwiniwake aulule, atuluke, asavote. Analemba ndani? Ine, kalekale, pofuna kutsekereza achimwene kuti asapatse mwana wa mnzawo wa gofu. Ndinadzitama nayo chaka chathunthu. Lero msampha wakola mwini wake.

Ndikakhala chete, ndilankhula komaliza, Hamish ndi wanga, awiri kwa mmodzi. Ndikaulula, ndatuluka, Fonua wagwa, ndipo tauni yathu yonse ya Hamilton idziwa sabata isanathe. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndiye ndamva, koma lamulo langa lomwe likuti chitsekocho nditulukirepo. Bodza limodzi basi. Banja lino ladya bodza zaka makumi awiri osatsamwa, langali lingavute pati?

Lachisanu, 17 Okutobala

Achimwene pafoni: "Iwe Marnie, usatiyalutse ndi zantchentche zakozo. Ndili ndi ana aakazi awiri ine. Ukufuna anthu ayambe kufunsa mafunso?" Mantha awo amawatcha ulemu wa banja. Thupi lonselo, chipewa chonsecho, kuopa dzina la matenda.

Ndasayina: palibe chondikhudza. Dzanja silinanjenjemere. Ndinaliyang'anitsitsa ndithu.

Lamulungu, 19 Okutobala

Zandikanika.

Patebulo achimwene anawerenga mafomu ndi mawu awo a wapampando aja. Palibe, palibe, palibe. Kenaka akuti, "Tisankhe monga mmene amayi akanafunira." Amayi amene tinawabisa m'chipinda chakumbuyo zaka zisanu ndi ziwiri alendo akabwera! Ndinangodzimva ndikunena: "Yangayo ndi yabodza. Ndili ndi matenda a amayi." Ndinaing'amba n'kutuluka. Pakhonde ndinadzitukwana. Chilungamo changa chamudyera ntchito Fonua, mwana wa eni.

Posakhalitsa chitseko. Achimwene. Anakhala pambali panga, maso ali kunkhosa. Akuti, "Kalamulo kako kopusa kaja kanditulutsanso ine."

Anayezetsa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ku Adelaide, kuti asakumane ndi wowadziwa. Nawonso anatengera. Ngakhale alamu sakudziwa. Ndinafuna kuwamenya. Ndinawagwira mkono.

Hamish anasuzumira pawindo. "Nanga ine ndisankhe uti?"

"Usatifunse ife, mphwanga," anatero achimwene. "Ndife odwala."

Anakhalamo yekha ola lathunthu, wopanda womulankhulira komaliza. Wasankha wa ntchentche. Akuti anawerenga kalata yonse, mpaka kumapeto.

Loweruka ana aakazi a achimwene aja akubwera. Achimwene akuti ndikakhalepo powauza, poti ine pakamwa ndi popepuka. Ndavomera, koma mawu oyambira ndilibe. Isla, wamkuluyo, ali ndi pakati pa miyezi inayi.