Pasipoti ya mwana amene tinamuika

Agogo,

Ndine bambo wa zaka 47. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndakhala kuno ku Viphya zaka zoposa makumi awiri. Ndimagwira ntchito pa makina ochekera matabwa ku nkhalango ya paini ku Luwawa, ndipo kutchalitchi ndine mkulu wa mpingo. Ndikulemba mutu utaima. Mayina amene ndalemba m'kalata ino si enieni, ndipo mukawerenga mumvetsa chifukwa chake.

Akazi anga a Felesta kwawo ndi ku Embangweni. Ana athu oyamba anali anyamata awiri. Wamkulu ndi Wilfred, wobadwa mu 1966. Wopondana naye anali Bestone, wa mu 1969, koma chikuku chinatilanda ali ndi zaka zisanu. Tinakamuika kumudzi kwa mayi ake.

Wilfred analemba Sitandade 8 kawiri. Kukhoza ankakhoza, koma dzina lake osatuluka pa osankhidwa kupita ku sekondale. Mnzanga wina wa kuntchito anandinong'oneza kuti mwana wobwereza, zaka zitamuchulukira, samuyang'ananso, ndipo makolo ochenjera amangomusintha dzina. Ine ndinakumbukira kuti kadi ya ubatizo ya Bestone ili m'sutikesi. Ndinaitenga akazi anga ali kumunda, n'kupita ndi Wilfred ku Manyamula kumene sankatidziwa, kukamulembetsa ngati Bestone. Ngwathupi laling'ono, ndiye palibe anafunsa. Chaka chomwecho anasankhidwa, ndipo ndinasangalala, Agogo, sindinama. Mayi ake anadziwira pa kalata yomuitana ku sekondale. Anaiwerenga kawiri, kuipinda bwinobwino, n'kundipatsira. Kuyambira tsikulo mpaka Lachisanu lapitali dzina la Bestone silinatulukenso pakamwa pawo. Anthu kuno akamva kuti Bestone amangoti ndi dzina la kusukulu, monga ana ambiri ali nalo, poti amene ankamudziwa mwini dzinayo anasamuka kalekale.

Tsopano za kiriketi. Kwa amene sanawaonepo, awa ndi masewera amene wina amaponya kampira kofiira kolimba ngati mwala, wina n'kumakamenya ndi thabwa kuti kasagwetse timitengo titatu tozika kumbuyo kwake. Mzungu wina amene ankayang'anira nkhalango ankasonkhanitsa ana a antchito Loweruka lililonse pabwalo la pafupi ndi damu. Matabwa omenyerawo ndinkawasemera ndine, ndi zotsala za kumakina, ngakhale mumtima ndinkati n'zachibwana zongothetsa nsapato. Koma Wilfred anali ndi dzanja loponya. Ku sekondale anakapeza mphunzitsi wachimwenye wokonda masewera omwewa, amene anamutengera ku Blantyre kuti akuluakulu akamuone. Mwezi wathawu kwabwera kalata yoti wasankhidwa mu timu ya anyamata osapitirira zaka 17, yopita ku Mangalande kwa masabata asanu ndi limodzi kukaphunzira ndi kukasewera ndi masukulu a kumeneko. M'boma lonse la Mzimba watuluka yekha.

Anthu atiyamikira mpaka ine kuchita manyazi. Atcheyamani a chipani a nthambi yathu analengeza pamsonkhano kuti mwana wa wocheka matabwa akukwera ndege. Abusa anamupempherera m'tchalitchi, ine ndili pampando wa kutsogolo, thukuta lili kamukamu ndi kuzizira konse kwa kuno.

Chandithina ndi pasipoti. Fomu yake ikufuna kuti ine bambo wake ndikalumbire pamaso pa bwana DC ku Mzimba, Baibulo lili m'manja, kuti mnyamatayu ndi Bestone, wobadwa mu 1969. Tsiku lomaliza lobweza fomuyi ndi pa 30 mwezi uno.

Lachisanu lapitali tinapita tonse atatu, ine, akazi anga ndi mnyamatayo, ku boma kukajambulitsa zithunzi za pasipotiyo. Mnyamatayo anayamba wameta kaye, poti tsitsi lalitali salola. Wojambula atamaliza anatenga cholembera kuti alembe pa envulopu, n'kufunsa kuti, "Dzina la mnyamata?" Mayi ake anayankha msanga kuti, "Wilfred." Mwana anati, "Ayi, lembani Bestone." Wojambula uja anaseka n'kunena kuti, "Kodi amama, mwana wanu yemwe simukumudziwa?" Akazi anga anangomanga bwino chitenje n'kutuluka. Tinakawapeza ku depoti atakhala okha, akuyang'ana pansi.

Tinakwera basi yobwerera. Titafika kunyumba ndi pamene anandiuza, akusakaniza ndi chilankhulo chakwawo, kuti, "Awiske Wilfred, ine ndakhala chete zaka zitatu. Dzina la pasukulu ndinati mbwenu, sukulu imatha. Koma ichi cha boma sichitha yayi. Mukakalumbira kuti Bestone ali moyo, mudzandiuze kuti amene ndimakamusesera pamanda paja ndi ndani."

M'mawa mwake ndinayesa kukamba ndi mnyamatayo. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Anati, "Adada, dzinali ine sindinalipemphe. Munandiuza nokha kuti aphunzitsi akaitana Bestone ndiziyankha. Ndayankha zaka zitatu. Lero ndege yabwera ndiye mukuti ndine Wilfred?" Analira ngati kamwana. Wabwerera kusukulu osanditsanzika, fomu wandisiyira patebulo.

Agogo, ndikalumbira ndinamiza Mulungu ndi boma pamodzi, ndipo mukudziwa nokha kuti pepala la boma sasewera nalo. Akazi anganso sindikhulupirira kuti angakhalebe m'nyumba muno. Ndikakana, ndege imusiya mwana wanga, ndipo akafunsa chifukwa chake mwina sukulu nayonso imuthera pomwepo, ali Fomu 3. Nthawi zina ndimadzitonthoza kuti wakufa sadandaula, ndipo dzina lake likuthandiza mkulu wake. Koma ndikawaona mayi ake akuchapa malaya a mnyamatayu, mtima umandiwawa kwambiri. Ndichite chiyani?

G.L.K., Mzimba.

*

Bambo G.L.K.,

Mwati mwasintha mayina m'kalata yanu. Ndaona kuti ntchito imeneyi mwaizolowera. Musakwiye, ndikuseka kuti ndisalire nanu. Yankho ili ndinakutumizirani kale pa positi kuti tsiku lisakupitirireni. Ndalisindikiza pano, nditasinthanso zina, chifukwa makolo amene ali ndi kadi ya mwana wina m'sutikesi si inu nokha.

Musakalumbire. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti musavutike kuwafunafuna kumunsi.

Tiyeni tiiwale kaye za dzina. Timuyo ndi ya anyamata osapitirira zaka 17, ndipo mwana wanu ali ndi 19. Ulendowu si wake. Sindikukana kuti ali ndi dzanja, koma dzanja limene anthu akuliombera m'manjalo lakhala likulimbana ndi ana amene iye anawatsogolera kubadwa. Zimenezi n'zowawa kumva, koma ndi bwino muzimve kwa ine kusiyana ndi kukazimva kwa anthu a yunifolomu. Pasipoti si buku loitanira mayina m'kalasi. Chimene mwalumbirapo chimamutsatira munthu ku ntchito, ku ukwati, mpaka pa makadi a ana ake. Ndipo mlandu suola, bambo. Buku la ubatizo lilipo, manda alipo, azilamu anu onse akudziwa. Pangofunika munthu mmodzi amene munayambana naye. Zikaululika mnyamatayo ali kunja, atavala malaya a dziko, sizidzakhalanso nkhani za m'banja mwanu.

Yambani ndi mayi a kunyumba. Kadi ija munaitenga iwo ali kumunda, ndiye mukudziwa nokha dzina la zimene munachita. Apepeseni popanda "koma", ndipo kadiyo muwabwezere m'manja. Amayi amene apirira zaka zitatu osakuchititsani manyazi pagulu si oti muziwafunsa ngati akhululuka liti.

Kenako kwerani basi mukamuone mnyamatayo kusukulu. Musamulembere kalata. Zimene anakuuzani zija n'zoona, ndipo mukamuuze kuti n'zoona. Musakanamizire mayi ake, musakanamizire malamulo. Mukati, "Ndinalakwa ndine, ndipo amene ukulipira ndiwe." Musayembekezere kuti akuthokozani. Akhoza kutha chaka osakusekererani, ndipo inu mupirire, chifukwa walira mvula walira matope.

Tsiku lomwelo mukaonane ndi mphunzitsi wamkulu, mutatenga makadi onse awiri a ubatizo, akazi anu atavomera kukubwerekani ya Bestone ija, ndiponso abusa anu ali pambali panu. Izi zikutanthauza kuti abusawo muyamba mwawaululira, ndipo akakuuzani kuti mutsike kaye pampando wa kutsogolo uja, tsikani. Mphunzitsi wamkuluyo mukamufotokozere zonse iye asanazitulukire yekha. Mukapemphe zinthu ziwiri: akuthandizeni kulembera oyendetsa timu kuti mwanayu zaka zake zapitirira, ndipo akulangizeni njira yokonzera dzina asanalembetse mayeso a Fomu 4. Kumenekonso mwina mudzafunika kulumbira kwa bwana DC, koma lumbiro limenelo mudzaligwirira Baibulo mukunena zoona. Sindingakulonjezeni kuti malo ake asukulu atetezeka. Chilango chikhoza kukhalapo, kwa inu kapena kwa iye. Chimene ndikudziwa n'chakuti kholo lobwera lokha amalimvera mosiyana ndi kholo logwidwa.

Za kiriketi musataye mtima. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli matimu a anthu akuluakulu amene safunsa chaka chobadwa. Mphunzitsi wachimwenye uja mukamuone, mukamupepese poti nayenso mwamuika pamoto osadziwa, ndipo mukamupemphe asamutaye mwanayo. Ngati dzanjalo n'lenileni, lidzaoneka pakati pa amsinkhu wake.

Chenjerani ndi njira zachidule, chifukwa zibwera zokha masiku akamayandikira. Musapeke zoti mnyamata wadwala, musafune kalaliki woti akukonzereni pepala, ndipo pofotokoza mlandu wanu musatchule makolo ena amene anachita zomwezi. Musazengerezenso mpaka pa 29, poti pamenepo mantha ndi amene adzasaine.

Mwati wakufa sadandaula. Zoonadi, Bestone palibe chimene mwamulanda, iye anapuma. Koma tafufuzani dzina la Wilfred. Pa satifiketi ya Fomu 2 palibe, m'buku la sukulu mulibe, m'kalata ya timu mulibe. Zaka zitatu zonsezi wakhoza mayeso, wagwetsa timitengo tija, koma palibe pepala limene likuti anachita ndi iye. Pakali pano dzinalo latsala pakamwa pa mayi ake pokha. Mukapita kwa bwana DC ndi fomu imeneyo, mukakhala mukukaika maliro achiwiri, mwini wake ataima pambali panu atavala tayi.

Agogo.