Tionenji Apite ku Kitwe Kapena Kunja

Komiti ya Maphunziro ya Banja la Njobvu
Tsiku: Loweruka, 14 Malichi 2026
Malo: kunyumba kwa ba Lyford, ku Linda, Livingstone
Opezeka: ba Lyford (wapampando), ba Fridah (amake Tionenji), ba Namasiku (msungichuma), Tionenji, Jonah (mlembi)
Osapezeka: Jeffrey, ali pa shifiti ku loji

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba 14:30 ndi pemphero la ba Namasiku. Wapampando anakumbutsa lamulo la banja: aliyense amene komiti ikumuphunzitsa amapatsidwa mwana wamng'ono woti adzamuphunzitse akadzayamba ntchito, ndipo bambo wa mwanayo ndiye amalankhula komaliza. Tionenji anapatsidwa Natasha, wa zaka zitatu, mwana wa mlembi.

2. Mayunivesite awiri
Tionenji anati wapeza malo pawiri. Ku Kitwe akaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Ku South Africa akaphunzira mbiri ya kamangidwe, kutanthauza nyumba zakale, amene anazimanga ndi kasamalidwe kake. Iye akufuna kunjako.

Wapampando anati pa zaka zonse zimene anagwira ntchito ya njanji sanaonepo munthu akulipidwa chifukwa choyang'ana khoma. Ba Fridah anati akudikira mwanayu kuti awajambulire pulani, ngakhale poloti yomangapo nyumba sanaipezebe. Anthu anaseka, kupatula mlembi.

Tionenji anati alendo obwera ku mathithi amajambulanso makonde akale a m'tauni, pamene eni ake akungowagumula. Wapampando anati, "Masitolo a atsamunda amene aja? Makolo athu anali kugulira pa windo, osaloledwa kulowa mkati!" Tionenji anayankha kuti, "Amalume, manje njerwa anaumba ni ndani? Si atate anu? Dzina lawo silili paliponse." Wapampando anati tipite pa mfundo ina.

3. Funso la mlembi
Mlembi anati iye sukulu analekeza giredi 7, ntchito yake ndi yowotcherera mageti, za mbiri sakuzidziwa. Anafunsa kuti Tionenji akadzamaliza adzamulemba ntchito ndani. Tionenji anati mwina a myuziyamu, mwina a khonsolo, koma sangalonjeze. Mlembi anafunsanso kachiwiri. Yankho silinasinthe.

4. Za Natasha
Ba Namasiku anapereka ganizo loti Natasha apatsidwe kwa Jeffrey, amenenso komiti ikumuphunzitsa, poti iye akuphunzira zowerengera ndalama ndipo ntchito yake siisowa, Tionenji apite kunja alibe katundu pamutu. Ba Fridah anati zikatero anthu adzati mwana wawo walephera asanakwere n'basi yomwe. Panali kukwezerana mawu ndipo zina sizinalembedwe.

Tionenji anaimirira nati, "Natasha ni wanga. Ngati vuto ni imeneyo, nizayenda ku Kitwe, koma mwana musanichotsere."

Wapampando anati, "Ba Jonah, kambani, mwana ni wanu."

Mlembi anati Jeffrey ndi munthu wabwino koma mpaka pano amamutchula mwanayo molakwitsa kuti Nakatindi. Anati munthu amene walolera kusiya sukulu ya kumtima kwake kuti asataye mwana, sangadzamutaye mwanayo. Choncho Natasha akhalebe kwa Tionenji, ndipo Tionenji apite ku South Africa. Anaika mfundo imodzi: pa holide iliyonse azikathandiza kwa munthu wojambula mapulani, kuti akhale ndi luso la m'manja zinthu zikadzavuta. Tionenji anavomera. Wapampando anavomera mochedwerapo.

Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti mantha ake sanathe, ndipo wazilemba.

5. Zina ndi zina
Ba Fridah apite ndi Tionenji kukayamba za pasipoti Lolemba. Wapampando anati chithunzi cha atate awo ali pa ng'anjo ya njerwa achifunafuna, koma Tionenji asachitenge kupita nacho kunja.

Msonkhano wina: Loweruka, 11 Epulo 2026, malo omwewa. Tinatseka 16:50.

Wapampando: Lyford Njobvu
Mlembi: Jonah Njobvu, bambo wa Natasha