Kanyali kachikasu pagalimoto ya ankolo

Lolemba, 9 Juni

Ankolo Jonasi abwera nayo galimoto kuchokera ku Joni. Yoyera, ya dizilo, ikamalira ngati mkango wachimfine. Mudzi wonse pabwalo, ena mpaka kudzapesa tsitsi pagalasi. Makiyi andiponyera ine: "Mphwanga, dalaivala ndiwe. Nandolo akacha tizipita ku Limbe." Ine yemweyu wothawa Fomu 1, amene aphunzitsi ankati ndidzathera pakabaza. Akamve komwe aliko! Anti Felista okha nkhope gwa. Iwo ankafuna kagalimoto kakang'ono ka petulo, ankolo n'kukana kuti n'kachibwana.

Loweruka, 21 Juni

Limbe wake uti? Kuchigayo. Kutchalitchi. Kukatula ana kusukulu yoti ukatsokomola kunyumba ahedi amamva. Injini isanatenthe n'komwe, tafika, zimitsa. Giya 4 sindinamuonepo, kaya alimo. Ndikangoponda pang'ono, ankolo: "Pang'onopang'ono iwe, ingatope." Ngati ng'ombe yapangolo. Dzulo njinga yonyamula nkhumba inatipitirira. Nkhumbayo mpaka kucheuka kundiyang'ana.

Komabe Eveles wanga anandiona pachiwongolero, chigongono pawindo. Zokwana.

Lachinayi, 3 Julaye

Kanyali kachikasu kanayaka kutsogoloku sabata yatha. Ankolo n'kumatapo pulasitala kuti anti asaone. Lero pakachitunda ka kwa Kaduya galimoto mphamvu zii, kukwawa ngati yadya zowola. Tinakaionetsa kwa a Makina, makanika wa pa Migowi. Akuti mupaipi ya utsi muli sefa, yadzaza mwaye. Dizilo yamtunduwu imafuna msewu wautali, ithamange, itenthe, mwayewo upse. Timaulendo tapafupiti ndi timene tikuipha. "Mwagula galu wosaka n'kumumangirira pakhonde." Ankolo anamva. Ine ndinalipo. Makutu awo onse awiri analiponso.

Loweruka, 5 Julaye

Ankolo andilanda makiyi.

Pamaso pa anti, pa ana, Eveles nayenso ali pompo ndi ndowa kumutu. Ati makanika wanena kuti dalaivala ndi mbuli, akupha injini. Ndinayamba ndaseka, kuyesa nthabwala, poti nthabwala pamudzi pano mwini wake ndine. Iwo osaseka. Maso ali kumtengo wa mango. Kuti avomere kuti anagula galimoto yosayenera maulendo athuwa, anti angawadye osasenda. Ndiye bola ndidyedwe ine. Mwana wa mlongo wawo.

Lachiwiri, 8 Julaye

Makiyi apatsa Frank, mlongo wawo wa anti. Ulendo wake woyamba: Limbe. Limbe wanga uja! Wabwerako kanyali katazima. Kakanalekeranji, si galimoto yathamanga? Tsopano mudzi wonse ati Frank ali ndi dzanja labwino. Frank woti pobwerera m'mbuyo amatseka maso. Ana pamsewu: "Wopha injini uyo!" Bambo ake a Eveles akuti afunsa kale ngati munthu woononga galimoto angasunge banja.

Sindinadye. Bodza, ndadya. Koma mokwiya.

Lachisanu, 18 Julaye

Ndabwereka njinga ya Noah, mnzanga wakabaza. Aphunzitsi aja mwina anali mneneri. Ndakumana ndi ankolo pamlatho, andiimbira hutala, kukweza dzanja ngati palibe chinachitika. Ine dzanja langa linali lotanganidwa.

Lamulungu, 27 Julaye

Chigayo, tchalitchi, sukulu, ndiye kanyali kayakanso. Frank thukuta kamukamu. Titaweruka kutchalitchi anti anabwera kwathu, ankolo m'mbuyo mwawo ngati mbuzi yopita kumsika. Anti ati ndinene zoona, a Makina ananena chiyani tsiku lija. Mawu anali apa, pamlomo penipeni, galu wosaka ndi khonde lake lomwe. Amayi n'kundiponda chala. Mwezi wamawa wokandiyankhulira kwa makolo a Eveles ndi ankolo omwewa. Nkhoswe ina ndilibe.

Ndinati ndaiwala, mutu wangawu sugwira zinthu.

Onse kuseka. Ankolo kuposa aliyense, mpaka misozi. Pochoka anandisisita phewa, ati ndine mwana wabwino, mawa ndilawire ndidzathandize kukankha.