Mtsikana wa pa Posita

Gulu: posita ya Thupi Langa Ndi Langa
Tcheya, Kamera, Phwiti

LACHITATU

08:14 Tcheya: Kamera, chithunzi watumizachi ndi cha ndani?

08:16 Tcheya: ndikufunsa

08:21 Kamera: cha Phwiti a tcheya. chija tinajambula pa masitepe a library

08:22 Tcheya: Phwiti ndi mesho wanga, chaka chachiwiri chino tikugona room imodzi. uyu sindikumudziwa

08:22 Tcheya: chiuno wapita nacho kuti? mikono? khungu wamuyeretsa ngati wagwera mu ufa. ndi chipsera cha pachibwano chomwe wafufuta

08:25 Kamera: ndangokonza pang'ono

08:25 Tcheya: pang'ono?? campaign yonse ikuti ma student azikonda matupi awo mmene alili, iwe nkumusema mwana wa eni ngati mpini

08:31 Kamera: 🎤 mawu 0:34
"A tcheya, musandidye wamoyo. Ku studio kwa amalume ndinaphunzira choncho. Kasitomala sanena kuti ndichepetseni mimba, amangoyembekezera. Ukamupatsa chithunzi mmene chilili amachiyang'ana, nkuseka pang'ono, basi sabweranso. Ndiye dzanja linazolowera, limangoyenda lokha. Ine ndimayesa ndikumuchitira ulemu."

08:33 Tcheya: ulemu wakowo ukhale nawo. tumiza original, osindikiza akufuna file mawa 12 isanakwane

08:47 Phwiti: chisiyeni choncho

08:47 Phwiti: ndachikonda. ndaika kale pa status

08:48 Tcheya: mesho ukuseka eti

08:50 Phwiti: azakhali aja amandifunsa holide iliyonse ngati kusukulu kuno timadya ndi fosholo, lero alemba kuti mwana wathu wakongola. mnyamata wa ku lab uja sandipatsa ndi moni yemwe watumiza 🔥🔥🔥

08:50 Phwiti: kwa amayi ndatumizanso, sanayankhebe

08:51 Tcheya: koma si iwe

08:51 Phwiti: ndikudziwa. nchifukwa chake ndachikonda

08:58 Tcheya: tikambirana ku cafeteria. ndikusungira malo pamzere

12:36 Tcheya: ndili pamzere

12:44 Tcheya: uli kuti

12:51 Tcheya: anthu akundiyang'ana kumbali coz ndikumangowauza kuti pano pali munthu

13:10 Tcheya: ndakutengera, mbale ili pa desk yako

📞 Tcheya waimba, sanayankhe

16:52 Tcheya: mbale sunaikhudze, nyerere zokha ndi zomwe zadya

16:53 Tcheya: ndipo timapaketi tili pansi pa pilo yako ndi tiyi wochepetsa thupi uja akugulitsa atsikana a m'mwamba eti? yemwe uja anagoneka mwana wa first year ku clinic?

17:04 Phwiti: ukusaka chani pabedi panga

17:04 Tcheya: charger

17:04 Tcheya: osandizembetsa nkhani

17:09 Phwiti: lachisanu posita ipachikidwa pakhomo pa hall, yaitali kuposa chitseko. aliyense aziyang'ana iyo kenako nkuyang'ana ine. ndisayeseko nkomwe kufanana nayo?

17:10 Tcheya: pa masiku awiri? mesho thupi si file, silimva undo

17:11 Kamera: sisi chiuno chijachi palibe munthu ali nacho, ndachita kukoka ndi mouse. mukayang'anitsitsa, ndi chitsulo chogwirira cha pa masitepe chomwe chapindika

17:11 Phwiti: iwe khala chete, wandithandiza kale

17:19 Phwiti: 🎤 mawu 1:02
"Mesho, iwe sungamve. Sunakwerepo basi kondakitala nkukuuza kuti mayi mwatenga mipando iwiri, anthu onse nkuseka, iwenso nkuseka nawo kuti zithe. Sunalowepo m'shopu wogulitsa nkukuuza usanatsegule pakamwa kuti size yanu tilibe. Munandinyengerera kuti ndikhale pa posita chifukwa ndine wonenepa wa m'kalasi, usakane. Ndinavomera chifukwa ndiwe. Tsopano kamodzi kokha ndaoneka bwino, mukufuna mundilande?"

17:21 Tcheya: sitinakusankhe chifukwa cha zimenezo

17:21 Phwiti: nde chifukwa cha chani?

Tcheya akulemba...

Tcheya akulemba...

Phwiti watuluka m'gulu

LACHINAYI

06:58 Tcheya: Phwiti walawirira kukathamanga ku ground. m'mimba muli tiyi yekhayekha chidyere dzana

06:59 Tcheya: ndamuuza kuti atengeko buledi, wangomanga nsapato osandiyang'ana

07:06 Kamera: ndamuona ndikupita ku class. ndakhotera kuseri kwa thanki kuti tisakumane maso

07:07 Tcheya: funso lake lija ndilibe yankho mpaka pano. ku meeting tinati tikufuna mtsikana wathupi, maso onse anapita kwa iye, ine nkusangalala kuti tapeza

07:12 Kamera: nde tisindikiza chiti?

07:13 Tcheya: chabodza sindisindikiza. chenicheni sindisindikiza mwini wake asanavomere

07:14 Kamera: madam a student affairs abwera mawa kudzatsegulira khoma lopanda kanthu? tinalonjeza pamaso pa committee yonse. akuchotsani pampando a tcheya

07:14 Tcheya: andichotse. khoma silikomoka ndi njala

07:30 Tcheya: sanabwerebe

07:41 Tcheya: ukamuona undiuze plz

08:15 Tcheya: wabwera, wasamba, wapita ku lab. milomo gwa. ndamuikira nthochi m'chikwama, wazitulutsa nkuzisiya pabedi panga bwinobwino ngati ndaiwala ndine

08:40 Tcheya: ndili mu lecture koma sindikumva kanthu

09:47 Kamera: a tcheya

09:47 Kamera: bwerani ku lab msanga

📞 Kamera waimba, sanayankhe

09:48 Kamera: Phwiti wachita chizungulire, wagwa pakati pa practical

📞 Kamera waimba, sanayankhe

09:51 Tcheya: NDIKUBWERA

10:26 Tcheya: tili ku clinic. nesi akuti shuga watsika ndipo m'thupi mulibe madzi. wafunsa za tiyi, ndamuuza zonse, Phwiti wandiyang'ana ndi diso loipa

10:27 Kamera: ali bwanji pano

10:27 Tcheya: wamwa theka la zomwe amupatsa. watembenukira kukhoma. wangofunsa chinthu chimodzi, kuti anthu angati anamuona akunyamulidwa

10:29 Kamera: ndachititsa ndine. mtima ukundipweteka

10:30 Tcheya: tiyi uja sanagule dzulo. mapaketi ena anali otha kale. iwe wangothira mafuta pamoto

10:30 Tcheya: ine ndimagona pafupi naye daily osaona kanthu

10:58 Kamera: osindikiza aimba kawiri. ndiwauze chani

11:00 Tcheya: adikire

11:00 Tcheya: kaya

11:01 Tcheya: ndatuluka kukamusakira juice. ku tuckshop kwatsekedwa, ndikupita kugeti

Tcheya walowetsa Phwiti m'gulu

11:17 Tcheya: wandilembera kuti ndimubweze. akuti amayi ake ayankha, timve tonse

11:19 Phwiti: ↪ wochokera kwa Amayi 🎤 mawu 0:55
"Phwiti mwana wanga, wadzuka bwanji kumeneko? Foni inali ndi mlongo wako, ndiye ndachedwa kuyankha. Chithunzi cha mnzako ndachiona. Ndi mwana wooneka bwino ndithu, ndipo wavala bulauzi ngati ija ndinakusokera ine, mpaka mabatani omwe. Wamubwereka eti? Wachita bwino. Koma timikono take tandimvetsa chisoni, umuuze azidya, sukulu ndi njala siziyendera limodzi. Nanga iwe uzingonditumizira anzako, chako chili kuti? Ine ndikufuna cha mwana wanga, wa chipsera cha njinga ya bambo ake uja, ndichiike pamwamba pa foni. Ndakusowa."

11:21 Kamera: ambuye

11:22 Tcheya: mesho?

11:25 Tcheya: mesho ndiyankhe, ndabwerera panjira

11:28 Phwiti: ndaseka mpaka nesi wabwera kudzaona

11:28 Phwiti: kenako ndalira, wabweranso

11:29 Phwiti: anthu onse aja amaombera m'manja mtsikana yemwe mayi anga akumumvera chisoni

11:33 Phwiti: Kamera, original uli nayo?

11:33 Kamera: ndili nayo sisi

11:33 Phwiti: sunakhudze kalikonse?

11:34 Kamera: ndi tsitsi limodzi lomwe

11:34 Phwiti: tumiza

11:34 Kamera: 📷 chithunzi

11:39 Phwiti: mikono yangayi koma

11:39 Phwiti: ndimasekadi chonchi?

11:40 Tcheya: daily. ndi chifukwa chake oyandikana nafe amagogoda khoma

11:42 Phwiti: ndatumiza kwa amayi

11:46 Kamera: sindikukakamiza koma osindikiza atseka 12

11:46 Tcheya: Kamera

11:46 Kamera: pepani

11:53 Phwiti: ayankha. akuti "eyaa, uyu nde wanga"

11:55 Phwiti: za posita ayi. chabodza sindikuchifunanso, chenicheni ndikuopabe. mudzandifunse semester ya mawa

11:55 Tcheya: khoma lidikira

11:56 Tcheya: Kamera uwauze osindikiza kuti basi. madam ndikawafotokozera ndekha

11:56 Kamera: shap a tcheya

11:57 Tcheya: nanga timapaketi tija?

Phwiti akulemba...

12:08 Tcheya: chabwino, sindifunsanso lero

12:21 Phwiti: mesho

12:21 Tcheya: ndili pano

12:23 Phwiti: nesi wanditulutsa. ndiyenda pang'onopang'ono

12:23 Phwiti: ndisungire malo pamzere