Magarafa Amene Amayi Anatsuka

Ulongwe, Angónia
19 Novembro 2023

Okondedwa achimwene Crimildo,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mvula yoyamba yagwa, kuzizira kwa m'mawa kudakalipo, ndipo kwathu ku Domwe aliyense ali m'munda. Ine ndili ku Ulongwe mpaka kutha kwa mwezi, kenako ndibwerera ku Maputo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene telefoni ili m'manja. Pa telefoni mumandidula mawu ndisanafike pakati, ndiye ndati ndiyese pepala. Nkhani yake ndi ya Joana, mwana wa mlongo wanu Cristina. Munalamula kuti asalandire katemera wa poliyo, madontho a pakamwa aja. Bambo ake a mwanayo anapita ku Dedza kukagula adubo, feteleza wothira chimanga, Joana ali wakhanda, ndipo mpaka lero akugulabe. Choncho mawu onse ali kwa inu mwini mbumba, ndipo Cristina sangadumphe lamulo lanu ngakhale mutakhala kutali chotani. Zifukwa munanena ziwiri: kuti madonthowo amachititsa atsikana kusabereka, zomwe munawerenga pa telefoni, ndi kuti madzi akwathu ndi oyera, zomwe anakuuzani Amayi. Choyambacho ndi bodza lamkunkhuniza ndipo sinditaya nacho nthawi. Chachiwiricho ndiyenera kufotokoza, chifukwa chinachokera ku ntchito yanga.

Ntchito yangayo simunandifunsepo bwinobwino. Mumangonditcha dotora wa zimbudzi, ndipo simulakwa kwenikweni. Chichokereni kusukulu ya ku Fonte Boa, kumene masisitere ankayembekeza kuti ndidzakhala namwino wovala zoyera, ndakhala ndikutunga madzi amene anthu ena amawadutsa atatseka mphuno: a m'ngalande za ku Maputo, a m'mipope yochokera kuzimbudzi, a m'mitsinje yodutsa m'misika. Munthu akakhala ndi kachilombo m'mimba amakatulutsa podzithandiza, ngakhale mwiniwakeyo asakumva kupweteka paliponse. Madzi amatolera za anthu onse n'kuziika pamodzi. Ife timatunga garafa limodzi, botolo limodzi basi, n'kusefa mpaka patatsala timadzi tosadzaza supuni, ndipo makina amatiuza zimene mudzi wonse wanyamula. Ndinayamba ndi kachilombo kotsegula ana m'mimba, kenako kodwalitsa chiwindi. Nthawi ya Kovidi tinkaona matenda akukwera m'ngalande zipatala zisanadzaze. Tsopano ndili pa poliyo, ndipo ndi amene wandibweretsa kuno.

Kwathu kulibe mipope ya zonyansa, ndiye ndinasankha kamtsinje ka kumunsi kwa msika, komwe kaja tinkasambamo tili ana. Zimbudzi za pamsika zonse zili pamtunda pake, ndipo anthu amachapa ndi kutunga pomwepo mzere ukatalika pamjigo. Mu Setembro ndinatunga magarafa awiri, madzi ofiirira, onunkha ndithu. Ndinawaika mu kolimani, bokosi lija losunga zinthu mozizira, n'kutseka. Galimoto yotenga bokosilo inali yobwera chakumadzulo, choncho ndinalisiya m'nyumba mwa Amayi n'kupita kukalonjera anamwino ku posito, kachipatala kathu kaja. Pobwera ndinalipeza pomwe ndinalisiya, Amayi ali pakhonde akusankha nyemba. Lamulo lathu ndi lakuti bokosi likatsekedwa silitsegulidwanso mpaka ku laboratoriyo, kuti kuzizira kusathawe. Ine ndinatsata lamulo.

Bokosi litafika ku Maputo, mnzanga wa kuntchito, Délcio, anandiimbira akuseka. Anati, "Telma, kwanu kuja anthu sadya tsabola?"

Ndifotokoze. Pali kachilombo kena kogwira mbewu ya tsabola, kosadwalitsa munthu, kamene kamangodutsa m'mimba n'kutuluka. Timayamba tafufuza kameneko kuti titsimikize kuti m'madzimo mulidi za anthu. M'madzi a ku Domwe munalibe ngakhale kamodzi. Ku Domwe, achimwene, kumene ngakhale mbatata yowotcha timadyera piripiri! Délcio anawonjeza kuti madziwo anali oyera mbee, ndipo ankamveka kafungo ka sopo. Iye anapitiriza kuseka. Ine sindinaseke.

Ndinakwera chapa, kaminibasi kaja, kupita kumudzi, ndipo Amayi ndinawapeza akuyanika ufa.

"Amayi, bokosi langa lija munalitsegula?"

"Ndinatsegula, nanga si linali m'nyumba mwanga."

"Nanga madzi anali m'magarafa aja ali kuti?"

"Uve uja? Ndinakataya kuseri. Magarafawo ndinawakwecha ndi phulusa, n'kutsuka ndi sopo, n'kukatunga abwino pamjigo wa kutchalitchi. Iwe Telma, maphunziro onsewa, ukanatumiza zimene zija ku Maputo? Akuluakulu akumeneko azikati anthu a ku Domwe amamwa ngati nkhumba? Mlendo akabwera sumuonetsa kudzala."

Ankayankhula mosanjenjemera, monga munthu amene wakonza cholakwa cha mwana wake mwakachetechete kuti asamuchititse manyazi. Ndikuganiza kuti ankayembekezera kuti ndithokoza. Ndinakwiya, sindibisa. Koma awa ndi Amayi omwe aja ankatikwecha zidendene ndi mwala tisanapite ku Misa kuti anthu asatinene, ndiye ndikanadabwa chiyani? Madzi akatayika saoleka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti tsiku lomwelo anakuimbirani n'kukuuzani kuti Telma watumiza madzi oyera ku Maputo. Sananame. Inu munamanga lamulo lanu pamawu amenewo.

Ndinatunganso pamalo pomwe paja. Ulendo uno bokosi ndinalikhalira mpaka galimoto itafika, anthu a pamsika akundifunsa ngati ndikufungatira mazira. Kufufuza poliyo sikuthamangitsika, chifukwa kachilomboko kamayamba kaleredwa m'laboratoriyo mpaka kadzionetse kokha. Zotsatira zabwera sabata yatha. Ka tsabola kalimo kambiri. Ka poliyo kalimonso.

Musaganize kuti ndikudziwa amene akudwala. Madzi satchula dzina la munthu. Zikungotanthauza kuti kumtunda kwa kamtsinjeko kuli ana amene akuyenda nako kachilomboko, ndipo ambiri mwa iwo akuthamanga ndi kusewera bwinobwino. Mwa ana ochuluka amene amakatenga, amapuwala ndi mmodzi, koma palibe makina odziwiratu kuti mmodziyo ndi uti. Mwendo ukafa palibe mankhwala oubweza, kuno kapena ku Joni.

Mukuwakumbukira a Geraldo, okonza njinga pafupi ndi chigayo? Mwana wawo Inosenti, wamsinkhu umodzi ndi Joana, anatentha thupi mu Outubro. Kutenthako kutatha, mwendo wamanzere unangolendewera. Chimbudzi chake anatumiza kukapimitsa ndipo yankho silinabwere, choncho sindinena kuti ndi poliyo. Sindinenanso kuti magarafa oyamba aja akanafika mmene ndinawatungira, anamwino akanabwera msanga n'kumupulumutsa. Mwina inde, mwina ayi. Ntchito yanga inandizoloweretsa kusanena zimene sindinapime. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi a Geraldo atasiya njinga za anthu zili chagada, akusemera mwana wawo kandodo. Ndipo amene ankaumba naye tinyumba pamchenga wa kamtsinje kaja ndi Joana.

Zotsatirazo ndinakawawerengera Amayi, Cristina ali pomwepo. Cristina anangoyamba kulira, nati, "Nanga achimwene anakaniza, ine nditani?" Amayi anafunsa funso limodzi lokha.

"Madzi ndinataya aja, analinso ndi kachilomboko?"

"Sindikudziwa, Amayi. Sindinawapime."

Anandiyang'ana, nati, "Iwe umayankha ngati pepala." Ananyamula khasu n'kupita kumunda dzuwa lili paliwombo. Cristina akuti tsiku limenelo Amayi sanadye, ndipo m'mawa mwake anawaona akupita kwa a Geraldo ndi nkhuku m'khwapa. Zimene anakakambirana kumeneko sanauze munthu.

Tsono pempho langa ndi ili. Katemerayu salandira kamodzi n'kusiya. Madontho amayenera kubwerezedwa kuti agwire, ndipo anamwino adzazunguliranso m'midzi mwezi wamawa. Muimbireni Cristina mumumasule ndi pakamwa panu, chifukwa mlongo wanuyo sakugona tulo. Sindikufuna kukulandani mbumba. Ine ndimadziwa za madzi basi, ndipo mwaona nokha kuti ngakhale amenewo anandipulumuka m'nyumba ya mayi anga omwe. Koma ndatunga ngalande zambiri pa moyo wanga, ndipo aka n'koyamba kuti makina atulutse yankho ine n'kuona nkhope ya mwana. Ndili ndi mantha, achimwene. Mukafuna kundikalipira, nambala yanga ndi yomwe ija, ndipo ine sindikudulani mawu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Páscoa, muwauze kuti nyemba zawo ndidzatumiza ndi aliyense wobwera kumeneko. Moni kwa ana. Cristina akupereka moni, ngakhale akuopa kuimba yekha. A Geraldo ati njinga yanu yakale ija idakali kwawo, ndipo adzaikonza akapeza mpata.

Amayi akuti moni, ndipo andituma kuti ndilembe izi mmene zinachitikira, osachotsa kanthu. Dzana anamwino anafika pamsika ndi madontho. Amayi anavala kapulana yawo, nsalu ija ya ku Misa, n'kumutenga Joana, mwana woyenda yekha, n'kumubereka kumbuyo. Cristina anawatsekera njira, nati, "Amayi, nanga mwini mbumba?" Iwo anati, "Mwini mbumbayo ndinamubereka pamsana pomwepa. Akafuna woimba mlandu, ndine. Choka ndidutse." Ine ndinali pomwepo ndipo sindinawaletse. Ndinkawatsata pambuyo nditanyamula nsapato za mwanayo.

Joana nayenso akupereka moni kwa amalume ake. Anamwino anamupaka tinta, inki ija, pakachala kakang'ono, chizindikiro choti walandira, ndipo akukana kusamba dzanja limenelo. Akuti akusunga kuti mudzaone mukabwera pa Natale, pa Khirisimasi paja. Ndamuuza kuti pofika nthawiyo tintayo idzakhala itafufutika. Akuti ndiye amalume awauze anamwinowo adzamupakenso.

Ndine mlongo wanu wodikira yankho,

Telma